Moyo wa Methodius Woyera, Mmonke ndi Bishopu wa Asilavo

Mawu oyamba

Aphunzitsi anzanga, m'gawo lino muwerenga mbiri ya munthu amene anakhala ndi moyo zaka zoposa 1,100 zapitazo, kutali kwambiri ndi kwathu kuno. Dzina lake ndi Methodius. Anali mmonke, kenako anakhala bishopu wamkulu, ndipo lero Akatolika komanso Akhristu a mpingo wa Orthodox amamulemekeza ngati woyera. Mwina mukudabwa kuti mbiri ya bishopu wa ku Ulaya ikufunanji m'buku la aphunzitsi a ziyankhulo. Chifukwa chake n'chakuti mafunso amene munthuyu analimbana nawo ndi omwewo amene inu mumakumana nawo m'kalasi. Kodi anthu aphunzitsidwe m'chiyankhulo chiti? Nanga chiyankhulo chimene chili ndi mabuku ochepa chingakule bwanji? Ndipo ndani amagamula nkhani zimenezi?

Taganizirani za mphunzitsi wa ku Munyati, tauni yaing'ono ya m'chigawo cha Midlands ku Zimbabwe, pakati pa Kwekwe ndi Kadoma. Ena mwa ana a m'dera limeneli ndi zidzukulu za anthu amene anachokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique kudzagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu. Kunyumba mwana amamva agogo ake akuyankhula Chichewa, posewera ndi anzake amayankhula Chishona, ndipo mabuku ambiri a kusukulu ali m'Chingerezi. Kaya mumaphunzitsa ku Munyati, ku Chipata, ku Angónia kapena ku Dedza, muwerenge mbiriyi muli ndi mwana woteroyo m'maganizo.

Ubwana wake ku Thessalonica

Methodius anabadwa cha m'ma 815 mumzinda wa Thessalonica, umene lero uli m'dziko la Greece. Nthawi imeneyo mzindawu unali wachiwiri kwa Constantinople mu ufumu wa Byzantium. Bambo ake, a Leo, anali mkulu wa asilikali. Anthu a mumzindawo ankayankhula Chigiriki, koma midzi yozungulira inali ya Asilavo, mtundu wa anthu amene anasamukira kuderali zaka mazana awiri m'mbuyomo. Asilavo ankabwera mumzinda kudzagulitsa malonda awo, moti ana ambiri a ku Thessalonica ankakula akumva ziyankhulo ziwiri. Methodius ndi mng'ono wake Constantine, amene anabadwa cha m'ma 827, anali m'gulu la ana oterowo.

Dziwani kuti pa nthawiyo Chisilavo chinalibe mabuku. Chinali chiyankhulo cha kumsika, cha kumunda ndi cha panyumba. Sukulu, bwalo la milandu ndi tchalitchi zonse zinali za Chigiriki. Choncho luso limene linadzathandiza kwambiri abale awiriwa sanalipeze kusukulu ayi, koma analitola m'misewu ya kwawo.

Methodius atakula, mfumu inamuika kukhala bwanamkubwa wa dera lina lokhala Asilavo. Ntchitoyi inamuthandiza kudziwa miyambo ya anthuwo, kaweruzidwe kawo ka milandu ndi kayankhulidwe kawo. Koma patapita zaka anatula pansi udindowo n'kupita kukakhala mmonke pa phiri la Olympus m'dera la Bithynia, m'dziko limene lero ndi Turkey. Amonke ndi amuna amene amasiya banja ndi chuma n'kumakhala pamodzi m'nyumba yapadera, kupemphera, kugwira ntchito za manja ndi kukopera mabuku. Pambuyo pake Constantine, yemwe anali atatchuka ku Constantinople chifukwa cha nzeru zake ndi luso lake pa ziyankhulo, anamutsatira kuphiriko.

Cha m'ma 860 mfumu inatuma Constantine kwa Akhazara, anthu amene ankakhala kumpoto kwa mapiri a Caucasus, ndipo Methodius anapita naye. Ali m'njira, ku Cherson m'dera la Crimea, anapeza mafupa amene anthu ankakhulupirira kuti ndi a Clement Woyera, mmodzi wa apapa oyambirira. Mafupawa muwakumbukire, chifukwa adzatulukiranso m'nkhaniyi. Atabwerako, Methodius anakhala mkulu wa nyumba ya amonke ya Polychron.

Pempho la ku Moravia

Mu 862 Rastislav, wolamulira wa dziko la Moravia, anatumiza uthenga kwa Mfumu Michael III ku Constantinople. Dera la Moravia linali m'mayiko amene lero ndi Czech Republic ndi Slovakia. Anthu ake anali Asilavo, ndipo ambiri anali atabatizidwa kale ndi ansembe ochokera ku Bavaria, mu ufumu wa Afulanki. Vuto linali lakuti ansembewo ankachita Misa m'Chilatini, chiyankhulo chimene anthu wamba sankachimva. Rastislav anapempha mphunzitsi woti aphunzitse anthu ake chikhulupiriro m'chiyankhulo chawo.

Musaiwale kuti pempholi linalinso ndi ndale mkati mwake. Ansembe a ku Bavaria ankamvera mabishopu a ufumu wa Afulanki, ufumu umene unkafuna kulamulira Moravia. Rastislav ankafuna mpingo wodziimira pawokha kuti dziko lakenso lidziimire palokha. Kuyambira pachiyambi penipeni, nkhani ya chiyankhulo ndi nkhani ya ulamuliro zinayendera limodzi, ndipo Methodius anadzavutika nazo zonse ziwiri.

Mfumu inasankha Constantine ndi Methodius chifukwa ankadziwa Chisilavo. Asananyamuke, Constantine anakonza alifabeti yatsopano imene akatswiri amaitcha Glagolitic, ya zilembo pafupifupi 40. Sanangotenga zilembo za Chigiriki monga zinalili, chifukwa Chisilavo chinali ndi maliwu amene Chigiriki chinalibe, monga ofanana ndi "sh" ndi "ch" komanso mavawelo otulukira m'mphuno. Inu aphunzitsi a Chichewa vutoli mukulidziwa bwino. Amene anayamba kulemba chiyankhulo chathu ndi zilembo za Chilatini anafunika kupeza njira yosiyanitsira liwu loyamba la "ng'ombe" ndi la "ngoma", kapenanso "pala" ndi "phala". Wokonza zilembo ayenera kuyamba wamvetsera bwinobwino mmene eni chiyankhulo amatchulira mawu.

Abale awiriwa anafika ku Moravia mu 863 ndipo anagwira ntchito kumeneko zaka zoposa zitatu. Anamasulira Mauthenga Abwino, Masalimo, makalata a atumwi ndi mapemphero a m'tchalitchi. Anasonkhanitsanso achinyamata n'kuwaphunzitsa kuwerenga ndi kulemba zilembo zatsopanozo. Chisilavo chimene ankalemba chinali cha kufupi ndi Thessalonica, komabe Asilavo a ku Moravia ankachimva, chifukwa pa nthawiyo kayankhulidwe ka Asilavo a m'madera osiyanasiyana kanali kasanatalikirane kwambiri. Mawu ena a chipembedzo anawabwereka ku Chigiriki, ena anawapanga polumikiza masinde a mawu a Chisilavo, ndipo ena anali mawu akale amene anawapatsa tanthauzo latsopano. Njira zitatu zimenezi n'zomwezo zimene timagwiritsa ntchito lero tikamafuna mawu a sayansi kapena masamu m'Chichewa.

Ulendo wa ku Rome

Ophunzira aja sakanatha kutumikira popanda kudzozedwa, ndipo abale awiriwa sanali mabishopu. Motero mu 867 ananyamuka ndi ena mwa ophunzira awo. Anadutsa ku Pannonia, kufupi ndi nyanja ya Balaton m'dziko la Hungary la lero, kumene kalonga Kocel anakonda zilembozo, anaziphunzira yekha, ndiponso anawapatsa achinyamata pafupifupi 50 kuti awaphunzitse. Atafika ku Venice anakumana ndi atsogoleri a mpingo amene ankanena kuti Mulungu ayenera kutamandidwa m'ziyankhulo zitatu zokha, Chiheberi, Chigiriki ndi Chilatini, popeza ndi zimene zinalembedwa pamtanda wa Yesu. Constantine anatsutsa maganizowo potchula mitundu ya anthu imene inali kale ndi mabuku a chipembedzo m'ziyankhulo zawo, monga Aarmeniya, Asiriya ndi Aigupto.

Anaitanidwa ku Rome ndi Papa Nicholas I, koma iye anamwalira iwo asanafike. Amene anawalandira ndi Papa Adrian II, ndipo anawalandira ndi ulemu waukulu chifukwa anabweretsa mafupa a Clement Woyera aja. Papayo anadalitsa mabuku a Chisilavo, ndipo Methodius pamodzi ndi ena mwa ophunzira anadzozedwa unsembe. Misa ya m'Chisilavo inachitika m'matchalitchi akuluakulu a mumzindawo.

Chisangalalocho sichinakhalitse. Constantine anadwala, anavala mkanjo wa umonke n'kutenga dzina latsopano lakuti Cyril, ndipo anamwalira pa 14 February 869 ali ndi zaka 42. Anaikidwa m'tchalitchi cha San Clemente ku Rome. Buku lakale la mbiri ya Methodius limafotokoza kuti asanatsirizike, Cyril anachonderera mkulu wakeyo kuti asabwerere kuphiri kuja ngakhale ankakukonda, koma apitirize kuphunzitsa. Methodius anali ndi zaka zoposa 50. Mwa awiriwa, katswiri wotchuka anali mng'ono wake, pamene iye ankakonda moyo wachete wa umonke. Komabe anavomera, ndipo zaka 16 zimene zinamutsalira anazithera pa ntchitoyo.

Ubishopu ndi ndende

Kocel atapempha, Papa Adrian II anadzoza Methodius kukhala bishopu wamkulu wa Sirmium, mzinda wakale umene lero umatchedwa Sremska Mitrovica ku Serbia, ndipo anamupatsa udindo woyang'anira Pannonia ndi Moravia. Mabishopu a ku Bavaria anakwiya, chifukwa maderawa ankawawerengera kuti ndi awo. Zinthu zinaipiraipira mu 870 pamene Rastislav anagwidwa ndi mphwake Svatopluk n'kuperekedwa kwa Afulanki, amene anamuchititsa khungu. Apa Methodius anatsala wopanda womutchinjiriza.

Chaka chomwecho anagwidwa ndipo anazengedwa mlandu pamaso pa mabishopu a ku Bavaria, monga Adalwin wa ku Salzburg, Ermanrich wa ku Passau ndi Anno wa ku Freising. Mlandu wake unali wakuti akuphunzitsa m'dera la eni ake. Anamutsekera m'nyumba ya amonke ku Swabia, kumwera kwa Germany, kwa zaka pafupifupi ziwiri ndi theka. Makalata a Papa John VIII amasonyeza kuti anazunzidwa. Papayo anadzudzula Ermanrich chifukwa chosiya mkaidiyo panja m'nyengo yozizira ndi yamvula, ndiponso chifukwa chofuna kumukwapula ndi chikoti cha hatchi. Mu 873 John VIII analamula kuti Methodius amasulidwe ndi kubwezeredwa pa udindo wake.

Koma papa yemweyo analetsa kuchita Misa m'Chisilavo, n'kungolola kuti azilalikira m'chiyankhulocho. Methodius anabwerera ku Moravia ndipo mapemphero a m'Chisilavo sanaleke. Adani ake anamuneneza kuti samvera ndiponso kuti chiphunzitso chake n'cholakwika, moti mu 879 anaitanidwa ku Rome kuti akayankhe. Kumeneko anafotokoza mbali yake mpaka papa anakhutira. Mu June 880 John VIII analembera Svatopluk kalata yodziwika ndi dzina lakuti Industriae tuae, imene inatsimikiza kuti Methodius ndi wa chikhulupiriro choona, inayamikira zilembo za Chisilavo, ndiponso inalola Misa m'chiyankhulocho.

Onetsetsani kuti chilolezochi chinali ndi malire. Uthenga Wabwino unkayenera kuwerengedwa m'Chilatini poyamba, kenako m'Chisilavo. Svatopluk ndi nduna zake analoledwa kumva Misa m'Chilatini ngati afuna, ndipo iye ankakondadi Chilatini. Kuwonjezera apo, wansembe wa ku Swabia dzina lake Wiching, mdani wamkulu wa Methodius, anadzozedwa kukhala bishopu wa Nitra m'dera lomwelo. Chisilavo chinaloledwa ndithu, koma ulemu waukulu unatsalira ku Chilatini, ndipo akuluakulu a dziko anali patsogolo kuchikonda. Ambiri a inu mwakumanapo ndi makolo amene amayankhula Chichewa kapena Chinyanja tsiku lonse koma amafuna kuti mwana wawo aphunzire m'Chingerezi chokha kuyambira tsiku loyamba. Makolowo amaona kumene kuli ntchito ndi ulemu, monga mmene Svatopluk ankaonera.

Zaka zake zomaliza

Cha m'ma 881 Methodius anapita ku Constantinople, kumene Mfumu Basil I inamulandira bwino ndipo inasunga ena mwa mabuku a Chisilavo. Atabwerera ku Moravia, ali wokalamba, anathamangira kumaliza ntchito yomasulira. Buku la mbiri yake limanena kuti anakhazika ansembe awiri odziwa kulemba mofulumira, ndipo anamasulira mabuku a m'Baibulo amene anatsala, kupatula a Amakabeo, kuyambira mwezi wa March mpaka pa 26 October. Anamasuliranso buku la malamulo a mpingo lotchedwa Nomocanon ndi zolemba za abambo a mpingo akale. Apa luso lake la ubwanamkubwa linagwira ntchito, chifukwa ankadziwa kuti chiyankhulo chimene chimangomveka m'tchalitchi koma osalowa m'malamulo ndi m'maphunziro sichikhazikika.

Methodius anamwalira pa 6 April 885. Asanamwalire anasankha wophunzira wake Gorazd kuti alowe m'malo mwake, popeza anali mbadwa ya ku Moravia ndipo ankadziwa bwino mabuku a Chilatini. Mwambo wa maliro ake unachitika m'ziyankhulo zitatu, Chilatini, Chigiriki ndi Chisilavo. Zimenezi zikutionetsa kuti Methodius sankadana ndi ziyankhulo zikuluzikulu za nthawi yake. Iye mwini anali Mgiriki wotumikira pansi pa papa wa ku Rome. Chimene ankakana n'chakuti chiyankhulo cha anthu wamba chitsekeredwe kunja.

Zimene zinachitika atamwalira

Chaka chisanathe, ntchito yake ku Moravia inagwa. Wiching anakopa papa watsopano, Stephen V, amene analetsa Misa ya m'Chisilavo. Gorazd sanaloledwe kukhala pa udindo. Ophunzira a Methodius anamangidwa, ena anathamangitsidwa m'dzikomo, ndipo ena anagulitsidwa ukapolo mpaka kukapezeka pamsika wa ku Venice, kumene nthumwi ya mfumu ya Byzantium inawawombola. Patangopita zaka pafupifupi 20, ufumu wa Moravia nawonso unatha utagonjetsedwa ndi Amagiya, makolo a anthu a ku Hungary.

Munthu woona zinthu mu 886 akanati Methodius anavutikira pachabe. Koma ena mwa ophunzira othamangitsidwa aja, monga Clement, Naum ndi Angelarius, anawoloka mtsinje wa Danube n'kufika ku Bulgaria, kumene wolamulira Boris I anawalandira ndi manja awiri. Boris nayenso ankafuna mpingo wosadalira ansembe achilendo. Naum anaphunzitsa ku likulu la dzikolo, ndipo Clement anatumizidwa kudera la Ohrid, kumene mbiri yake imati anaphunzitsa anthu pafupifupi 3,500. Ku Bulgaria komweko kunabadwa alifabeti ina yosavuta kulemba, yotengera kwambiri zilembo za Chigiriki, imene inatchedwa Cyrillic pokumbukira Cyril. Ndi zilembo zimenezi zimene lero anthu amalembera Chirasha, Chiyukireniya, Chibugariya ndi Chisebiya, ndipo zimaonekanso pa ndalama za pepala za euro. Zilembo za Glagolitic zinapitirira kugwira ntchito m'matchalitchi ena a ku Croatia kwa zaka mazana ambiri.

Mpingo wa Katolika unadzalemekeza abale awiriwa mokwanira patapita nthawi yaitali. Mu 1880 Papa Leo XIII analamula kuti chikondwerero chawo chizichitika mumpingo wonse. Mu 1963 msonkhano waukulu wa Vatican II unatsegula khomo loti Misa izichitika m'ziyankhulo za anthu, ndipo n'chifukwa chake lero Misa imamveka m'Chichewa, m'Chishona ndi m'Chindebele. Mu 1980 Papa John Paul II anawatcha Cyril ndi Methodius ankhoswe a Ulaya pamodzi ndi Benedict Woyera. Akatolika amawakumbukira pa 14 February, dziko la Bulgaria limakondwerera zilembo zake pa 24 May, ndipo ku Czech Republic ndi ku Slovakia tsiku la 5 July ndi latchuthi.

Zoti mulingalire ngati mphunzitsi

Mwaona kuti m'zaka zosakwana 20 Misa ya m'Chisilavo inaloledwa, inaletsedwa, inaloledwanso, kenako n'kuletsedwanso. Lamulo linkasintha malinga ndi amene ali pampando. Chimene chinapulumutsa ntchitoyo ndi zinthu ziwiri zimene lamulo silikanatha kufafaniza msanga, zomwe ndi mabuku omasuliridwa kale ndiponso anthu ophunzitsidwa bwino moti ankatha kuphunzitsa anzawo.

M'mayiko athu namonso malamulo a chiyankhulo akhala akusinthasintha. Ku Malawi Chichewa chinakhala chiyankhulo cha fuko mu 1968. Ku Zambia Chinyanja ndi chimodzi mwa ziyankhulo zisanu ndi ziwiri za m'zigawo zimene boma limazivomereza. Ku Zimbabwe malamulo aakulu a dziko a mu 2013 anaika Chichewa pa mndandanda wa ziyankhulo 16 zovomerezeka. Koma kulembedwa m'malamulo sikubweretsa buku m'manja mwa mwana wa ku Munyati. Pamafunika munthu wolemba bukulo, ndi mphunzitsi wodziwa kuligwiritsa ntchito. Ngati palibe awiriwa, chiyankhulo cha agogo chimatha m'banja mwakachetechete, mwana n'kumangodziwa kupereka moni basi.

Kumbukiraninso kuti ntchito ya Methodius inakula chifukwa inadutsa malire. Chiyankhulo cholembedwa chimodzi chinatumikira Moravia, Pannonia ndi Bulgaria. Ifenso tili ndi chiyankhulo chimodzi m'mayiko anayi, koma ena timalemba "Chinyanja" pamene ena amalemba "Cinyanja", ndipo nthawi zambiri buku losindikizidwa ku Lilongwe silifika ku Kwekwe kapena ku Lichinga. Kusiyana kumeneku n'kochepa, ndipo mwana akafotokozeredwa kamodzi amatha kuwerenga kalembedwe konse kuwiri. Inu amene mukuphunzira limodzi kudzera m'buku lino mungathe kutumizirana nthano, miyambi ndi timabuku ta ana ngakhale pa foni.

Ntchito yoti muchite

Lembani mayankho anu m'kope lanu, ndipo mudzakambirane ndi anzanu pa nthawi yokumana.

1. Fotokozani zifukwa ziwiri zimene zinachititsa Rastislav kupempha aphunzitsi ku Constantinople. Kodi chifukwa chimodzi chikanakwanira popanda chinzake?

2. Funsani ophunzira a m'kalasi mwanu ziyankhulo zimene amayankhula ndi agogo awo, ndi makolo awo ndiponso ndi anzawo. Lembani zimene mwapeza, ndipo munene chiyankhulo chimene sichimveka konse m'maphunziro anu.

3. Sankhani mawu asanu a m'phunziro la sayansi kapena masamu. Pa mawu aliwonse yesani njira zitatu zija, kubwereka, kupanga mawu atsopano ndi kupatsa mawu akale tanthauzo latsopano. Kenako yesani mawuwo pa ophunzira anu kuti muone amene akuwamva msanga.

4. Lembani ndime imodzi ya zimene mungauze kholo limene likufuna kuti mwana wake aphunzire m'Chingerezi chokha. Muyambe ndi kuvomereza nkhawa yake musanapereke maganizo anu.